Mbiri ya Chakudya cha Anthu a ku Makokola

Makokola ndi dera limene lili m'mbali mwa Nyanja ya Malaŵi, pa msewu wochokera ku boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay. Masiku ano dzinali limadziwika chifukwa cha malo ogona alendo. Ena mwa alendowo akafika amapempha chakudya cha zomera zokhazokha, chopanda nyama kapena mkaka wa ng'ombe, ndiponso chosayeretsedwa kwambiri ndi makina. Anthu ambiri amayesa kuti kadyedwe kotere n'kachizungu. Koma mbiri ikusonyeza kuti gawo lalikulu la chakudya chimene chinalera anthu a kumwera kwa nyanjayi linali lotere, ndi kuti mphamvu yake inagona pa kuchuluka kwa mitundu ya zakudya m'mbale imodzi.

Ulimi m'dera lino si wadzana. Pa Nkope, cha kumpoto kwa Makokola, katswiri wofukula zakale, K.R. Robinson, anapeza mapale a miphika ya anthu osula chitsulo amene anakhalako zaka zoposa 1,500 zapitazo. M'nthawi zakalezo chimanga kunalibe. Mbewu za mu Africa muno zinali mapira, mawere, mchewere, khobwe ndi nzama. Chimanga, chinangwa, mbatata ndi mtedza zinachokera ku America, ndipo zinafika m'chigawo chino chitadutsa chaka cha 1500, pamene Apwitikizi anayamba kuchita malonda m'magombe a Africa. Nandolo naye ndi mlendo, kwawo ndi ku India.

Pamene David Livingstone anafika kumwera kwa nyanjayi mu September 1859, atatsata mtsinje wa Shire, anapeza minda ya Amang'anja ili ndi mapira, chimanga, nyemba, mtedza, maungu ndi thonje. Chimanga chinali mbewu imodzi chabe pakati pa zinzake. M'zaka zomwezo Ayao analowa m'derali, ndipo mafumu monga Mponda ndi Makanjira anakula mphamvu chifukwa cha malonda a kugombe la Nyanja ya Amwenye. Njira za malondazo zinadzetsa masautso a ukapolo, komanso ndi zomwezo zimene zinathandiza kufalitsa ulimi wa mpunga m'madambo a m'mbali mwa nyanja.

Nanga mkaka unali kuti? Ng'ombe zinali zosowa m'chigwa chotentha chimenechi, makamaka chifukwa cha kashembe, ntchentche yofalitsa nthenda imene imapha ziweto. Angoni a kumapiri ndi Ankhonde a ku Karonga ndiwo anali ndi mwambo woweta ng'ombe ndi kudya mkaka wowawasa. Munthu wa kunyanja akaleka kuyamwa bere la mayi wake, amatha kukalamba osalawa mkaka wina. Komabe mafupa ake amakhwima ndithu, pakuti mchere womanga mafupa, umene asayansi amautcha kashiamu, amaupeza mu mawere, mu masamba obiriwira monga bonongwe, ndi mu usipa umene umadyedwa ndi minga yomwe.

Nzeru za amayi pa mafuwa zinali zozama. Mafuta a m'botolo kunalibe, choncho ndiwo amatendera ndi nsinjiro. Nkhwani, chitambe, khwanya, kholowa, chigwada, luni ndi chisoso zikathiridwa nsinjiro zimakoma, ndipo mafuta a mtedzawo amathandiza thupi kulandira vitamini A wochokera m'masambamo. M'nyengo ya dzinja, pamene masamba achuluka, amayi amawafutsa, n'kuwayanika, n'kuwasunga m'zikwatu kuti mfutso udzapulumutse banja m'chilimwe. Nsima ikadyedwa ndi nandolo kapena khobwe, zomanga thupi zimene zimaperewera mu ufa zimakwaniritsidwa ndi za m'nyembazo. Amayiwo sanaphunzire sayansi m'kalasi, koma zimene amachita ndi zomwe sayansi inadzavomereza pambuyo pake. Kutchire nako kunali nkhokwe ina ya malambe ndi bwemba, ndipo chakumwa cha pa ntchito chinali thobwa wa chimera.

Si bwino kunamizira kuti kale zonse zinali zokoma. Chilala, dzombe ndi nkhondo zimagwetsa njala, monga inagwa m'chigwa cha Shire m'zaka za 1862 ndi 1863, ndiponso m'chigawo cha kumwera m'chaka cha 1949. Anthu a ku Makokola sanalinso osala nsomba ayi, pakuti nyanja inali munda wawo wachiwiri. Chofunika kuzindikira n'chakuti mbewu imodzi ikakanika, ina imapulumuka. Mapira ndi chinangwa zimapirira dzuwa limene limapsereza chimanga.

Zinthu zinayamba kusintha m'nthawi ya atsamunda. Mu 1891 Angerezi anamanga linga la Fort Johnston, limene linadzakhala Mangochi, ndipo msonkho wa nyumba unakakamiza amuna kukafuna ndalama kuminda ya azungu ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia ndi South Africa. Manja atachepa pamudzi, mabanja anakonda chimanga, chifukwa makoko ake amachiteteza ku mbalame, pamene mapira amafuna munthu woingitsa mbalame tsiku lonse. Pang'onopang'ono chimanga chinalanda ufumu, kufikira mawu akuti chakudya anayamba kutanthauza nsima ya chimanga basi.

Ulemu waukulu unapita kwa ufa woyera. Kuti ufawu upezeke, chimanga chimakonoledwa, kupetedwa, kuviikidwa m'madzi masiku angapo, kenaka kusinjidwa. Pa ntchito yonseyi gaga ndi kamtima ka njere zimachoka, ndipo m'menemo ndimo muli mafuta, mavitamini ndi zothandiza kugaya chakudya m'mimba. Zigayo zitafika zinabweretsa mgaiwa, ufa wa njere yathunthu, koma anthu anaunyoza kuti ndi wa amphawi, wa kundende ndi wa kusukulu zogonera komweko. Motero chopatsa thanzi chinaponyedwa kwa nkhuku, ndipo munthu anatsala ndi choyera chokondweretsa maso.

Zotsatira za kudalira chimanga chokha zinalembedwa m'mbiri ya dziko lino. Mu 1912 dokotala Hugh Stannus anafotokoza za nthenda ya pellagra pakati pa akaidi a ku Zomba. Nthendayi imasupula khungu m'malo owombedwa ndi dzuwa, imatsegula m'mimba, ndipo imasokoneza mutu. Imadza munthu akasowa vitamini wotchedwa niacin, amene mu chimanga, ngakhale cha mgaiwa, ali womangika kotero kuti thupi limalephera kumugwiritsa ntchito mokwanira. Mu 1990 nthenda yomweyi inagwira anthu oposa 17,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'Malaŵi, mtedza utasowa pa chakudya chimene amalandira. Phunziro lake linali loonekeratu: nsinjiro za agogo sizinali zokometsera ndiwo chabe, koma mankhwala.

Nayo nyanja inayamba kutopa. Chambo, chimene katswiri Rosemary Lowe anachifufuza kuyambira 1945 mpaka 1947 chikadali chambiri, chinachepa kwambiri mu Nyanja ya Malombe ndi kumwera kwa Nyanja ya Malaŵi pofika m'zaka za m'ma 1990, chifukwa cha maukonde a maso aang'ono ndi kuchuluka kwa asodzi. Mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko kuti ateteze nsomba. Nsomba zitakwera mtengo, banja losauka linayamba kugulitsa zimene lapha m'malo modya. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malaŵi anali opinimbira.

Chodabwitsa n'chakuti zimene eni ake anazipeputsa, anthu akutali anazikweza. Mu 2008 maiko a European Union analola kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa monga chakudya, ndipo chipatso chimene ana a ku Mangochi amangomung'unya poweta mbuzi chinasanduka malonda a mtengo wapatali. Achipatala m'dziko muno amaphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zamasamba, zipatso, zamafuta ndi zanyama. Magulu 5 mwa amenewa angachokere m'munda. Phala la Likuni, limene lapulumutsa ana ambiri, maziko ake ndi chimanga ndi soya.

Komabe pali malire oyenera kuwadziwa. Khanda liyenera kuyamwa bere lokha miyezi 6 yoyamba, ndipo palibe phala kapena madzi a soya angalowe m'malo mwake. Munthu wosankha kudya zomera zokhazokha ayenera kupeza vitamini B12 mwa njira ina, chifukwa m'zomera simupezeka wokwanira. Kwa banja la ku Makokola, kambale ka usipa kamatseka mpata umenewu.

Akuluakulu anati mawu a akulu amakoma akagonera. Mbiri ya chakudya cha ku Makokola ikuphunzitsa kuti thanzi silidalira mkaka wa m'chitini kapena buledi wa m'sitolo. Mwana wa sukulu amene adzakhale mlimi, namwino kapena kholo mawa, adzachita bwino akadzabwezera mapira, nandolo ndi mtedza m'munda, mfutso m'chikwatu, ndi mgaiwa m'mbale, popanda kuchita nazo manyazi pamaso pa mlendo.