Liwombo Linatsegula Njira Yoonera Ubongo

Mwana akabadwa osalira, m'cipinda mumangoti zii. Kwa zaka zambiri madokotala anali kuweruza poona kunja cabe. Ngakhale njira ya Virginia Apgar ya mu 1952 imayang'ana kapumidwe, khungu ndi kugunda kwa mtima. Za m'mutu zinali zobisika.

Cakumapeto kwa ma 1970 anayamba kuika makina a ultrasound pa liwombo, pamalo pomwe ambuye athu amagwira poona ngati mwana ali bwino. Koma cimene ife tiona kuti cinasintha zinthu cinacokera ku University College Hospital ku London m'ma 1980. Pogwiritsa nchito makina a maginito, a mtundu wa MRI, anapeza kuti ubongo wa mwana amene anasowa mpweya umaoneka bwino poyamba, ndiye mphamvu zake zimagwa patapita maola. Kuonongeka sikuthera pa kubadwa.

Apa ndipo panacokera nzeru yoziziritsa mwana kufika madigiri 33.5 kwa maola 72, kuyambira maola 6 asanathe. Kafukufuku wa mu 2005 anaonetsa kuti zimathandiza. Koma wa HELIX mu 2021, ku India, Sri Lanka ndi Bangladesh, anapeza kuti ana oziziritsidwa anamwalira ambiri kuposa anzao.