Mlandu Suwola: Mabala a Akaidi a Nkhondo ndi Nkhani ya Mamendulo

Mendulo ya nkhondo ndi kachitsulo kakang'ono kosakwanira kugula ngakhale thumba la chimanga, komabe amuna ambiri amene adabwerako ku nkhondo adakalamba akuifunafuna. Chifukwa chake nchakuti mendulo ndi umboni wa boma wakuti munthu uyu adaliko, adazunzika, ndipo dziko likudziwa. M'nkhani ino tifuna kuona za asilikali amene adavulala nagwidwa ndi adani, kapena amene adavulazidwa ali kale m'manja mwa adaniwo. Mbiri ikutionetsa kuti mendulo imatsata mboni ndi pepala, ndipo msilikali wachikuda wogwidwa ukaidi kawirikawiri adalibe zinthu ziwirizi.

Nkhondo ifika panyanja

Yofu ndi mudzi wa asodzi wa chakumpoto kwa chilumba cha Likoma, ndipo munthu angaganize kuti malo otere adali kutali ndi mikangano ya mafumu a ku Ulaya. Koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu adaitcha Nkhondo ya Chiwaya, idayambira pakhomo pomwe pa anthu a pachilumbachi. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya boma ya Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, idaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli, kutsidya la kuvuma kwa nyanja, kumpoto kwa Likoma. Kaputeni wa Ajeremani, Berndt, sadadziwe nkomwe kuti nkhondo yayamba, ndipo adagwidwa tsiku lomwelo. Iyeyu ndiye mkaidi woyamba wa nkhondoyi panyanja yathu, ndipo dzina lake lili m'mabuku mpaka lero.

Posakhalitsa boma lidatenga sitima ya mishoni ya UMCA, Chauncy Maples, imene anthu a pa Likoma adaizolowera ngati tchalitchi ndi sukulu yoyenda pamadzi, nkuisandutsa yonyamula asilikali ndi katundu. Kuyambira 1916, pamene gulu la nkhondo la Jenerali Northey lidalowa m'dziko la Ajeremani, chakudya ndi zipolopolo zinkadzera panyanja kupita ku madoko a kutsidya, ndipo kuchokera pamenepo zinkayenda pamitu pa anthu. Akatswiri a mbiri amawerengera kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 adalowa usilikali wa King's African Rifles, umene anthu ankautcha Keyala, ndipo ena pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya tengatenga.

M'zaka za 1917 ndi 1918, pamene mtsogoleri wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, adaolokera m'dziko la Apwitikizi, kugwidwa ukaidi kudali ndi nkhope ziwiri. Mzungu wogwidwa nthawi zambiri ankamasulidwa atalonjeza kuti sadzamenyanso nkhondoyo, ndipo dzina lake linkalembedwa mbali zonse ziwiri. Munthu wachikuda wogwidwa ankasenzetsedwa katundu wa omugwirawo, mwina nkukakamizidwa kulowa gulu lawo. Akadwala kapena bala likamukulira, ankasiyidwa panjira. Akapulumuka nabwerera kwao, padalibe kalata yonena kumene adali. Kwa kalaliki wa boma, munthu wosowa pa mndandanda akadatha kukhala wakufa, wogwidwa, kapena wothawa, ndipo wothawa sadali woyenera malipiro kapena ulemu uliwonse.

Amuna awiri pa phiri limodzi

Chitsanzo chomveka bwino chikuchokera ku nkhondo yachiwiri. Mu Ogasiti 1940 Ataliyana adalowa m'dziko la British Somaliland. Pakati pa amene adatumizidwa kukawatchinga padali gulu lachiwiri la Keyala la ku Nyasaland ndi gulu loyamba la Northern Rhodesia Regiment, magulu amene asilikali ake ambiri ankamva Chinyanja. Nkhondo yaikulu idachitika pa mpata wa Tug Argan kuyambira pa 11 mpaka pa 15 Ogasiti. Pa phiri lina lotchedwa Observation Hill padali Kaputeni Eric Wilson, amene ankayang'anira mfuti za chiwaya za Somaliland Camel Corps. Wilson adali atagwirapo ntchito m'gulu lachiwiri la Keyala kuyambira 1937, ndipo kumeneko adaphunzira Chinyanja.

Tsiku loyamba lomwe bomba lidamuvulaza paphewa ndi padiso, ndipo sajeni wake wachisomali, Omar Kujoog, adafera pambali pake. Wilson adapitiriza kumenya nkhondo masiku anayi, malungo atamugwiranso, mpaka phirilo lidagwa pa 15 Ogasiti. Akuluakulu ake adakhulupirira kuti wafa, ndipo mu Okutobala 1940 adalengeza kuti wapatsidwa Victoria Cross, mendulo yoposa zonse ya Angerezi, ngati ulemu wa munthu womwalira. Koma iye adali moyo m'ndende ya Ataliyana ku Eritrea, kumene adamva za mendulo yake kwa mkaidi mnzake. Adamasulidwa mu 1941, nakamenyanso nkhondo ku Burma pamodzi ndi asilikali a Keyala, ndipo adamwalira mu 2008 ali ndi zaka 96.

Palibe angakane kuti Wilson adali wolimba mtima. Chimene tiyenera kuona ndi njira imene mendulo yake idadzera. Padali anzake amene adaona, padali mkulu wolemba lipoti, padali ofesi yolandira lipotilo, ndiponso nyuzi ya boma yolengeza. Pa nkhondo ya ku Somaliland mbali ya Angerezi idawerenga anthu 38 ophedwa, 102 ovulala ndi 120 osowa, ndipo ambiri mwa asilikali a mbali imeneyi adali Aafirika ndi Amwenye. Mawu akuti osowa adaphimba akufa ndi ogwidwa omwe. Ife lero tidziwa bala lililonse la Kaputeni Wilson, pamene dzina la sajeni wake tikulidziwa makamaka chifukwa limatchulidwa m'mbiri ya Wilsonyo.

Lamulo la mamendulo

Kuti timvetse bwino, tiyenera kusiyanitsa mitundu ya mamendulo. Ena ndi osonyeza kuti munthu adali ku nkhondo yakutiyakuti, monga Africa Star ndi Burma Star. Ena ndi a kulimba mtima, ndipo awa amafuna kuti mkulu wa asilikali achite kupempha, mboni zitatsimikiza. Kuyambira 1903 mpaka 1942 asilikali achikuda a Keyala adali ndi mendulo yawoyawo ya kulimba mtima, yosiyana ndi ya Azungu. Victoria Cross sidapatsidwepo kwa msilikali wachikuda wa Keyala ndi mmodzi yemwe, ngakhale kuti msasa wa asilikali wa Cobbe ku Zomba uli ndi dzina la Alexander Cobbe, amene adaipata mu 1902 akutsogolera asilikali a dziko lino ku Somaliland komweko.

Angerezi sadakhale ndi mendulo ya bala kapena ya ukaidi. Adali ndi kamzere kosokerera pa mkono wa malaya, kosonyeza kuti munthu adavulala, kamene kadayamba mu 1916 nkubwereranso mu 1944. Ukaidi wokha unkaoneka ngati chinthu chofunika kuchifotokoza: pa nkhondo yoyamba, ofesala wobwerako ku ukaidi ankalemba chikalata chonena m'mene adagwidwira, kuti boma lione ngati adalibe mlandu. Tsono ngati Mzungu wodziwa kulemba ankafunsidwa chotere, nanga munthu wa tengatenga amene sadapatsidwe ngakhale mpata wofunsidwa?

Pangano la ku Geneva la 1929 lidalamula kuti mkaidi aliyense alembedwe ndi kuti abale ake adziwitsidwe, ndipo bungwe la Red Cross lidasunga makadi a akaidi ku Geneva. Koma akaidi achikuda amene adagwidwa pa Tobruk mu Juni 1942 adapatulidwa kwa Azungu nakakamizidwa kutsitsa katundu wa nkhondo pa madoko, ntchito imene panganolo lidaletsa. Mmodzi wa iwo adali Job Maseko wa ku South Africa, amene mu Julayi 1942 adapanga bomba m'kachitini ka mkaka, nalibisa m'sitima ya Ajeremani, ndipo sitimayo idamira. Pambuyo pake adathawa ukaidi. Adapatsidwa Military Medal, ndipo ngakhale anthu apempha kuti aganiziridwe Victoria Cross, mendulo yake idakali yomweyo. Adamwalira mu 1952 ali mmphawi. Ntchito yake idazindikirika chifukwa iye adapulumuka nafotokoza, ndipo akuluakulu adafufuza napeza kuti nzoona. Anzake amene adavulala pa madoko omwewo adatsala opanda wowafufuzira.

Tsankho lidaonekeranso pa ndalama. Chikalata cha boma cha 1945, chimene atolankhani adachiulula mu 2019, chikusonyeza kuti ku East Africa msilikali wamba wachizungu adalandira mashilingi 10 a chithokozo pa mwezi uliwonse umene adagwira ntchito, Mmwenye mashilingi 7 ndi theka, ndipo Mwafirika mashilingi 3 ndi theka.

Milandu imene idatsegulidwanso

Akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo mbiri ya maiko ena ikuvomereza. Ku America kuli mendulo ya ovulala yotchedwa Purple Heart. Kwa zaka zambiri amene adamenyedwa ndi kuvulazidwa m'ndende za adani sankailandira, popeza ankati balalo silidachitikire pa bwalo la nkhondo. Lamulo lidasintha mu 1962, koma lidangokhudza ogwidwa kuyambira nthawi imeneyo. Akaidi a nkhondo yachiwiri ndi ya ku Korea adadikira mpaka 1996, pamene nyumba ya malamulo idawatsegulira khomo, ndipo mu 2008 adaonjezapo amene adafera m'ndende. Ngakhale pamenepo, wopempha adayenera kusonyeza umboni wa bala lake, pamene mboni zambiri zidali kale m'manda.

Chitsanzo china chili pafupi ndi kwathu. Mu 1964 boma la West Germany lidavomera kulipira asilikali achikuda amene adamenyera Ajeremani zaka makumi asanu m'mbuyomo. Mbiri imati pa Mwanza padasonkhana nkhalamba pafupifupi 350, koma owerengeka okha ndiwo adali ndi zikalata zawo. Wolipirayo adapereka tsache kwa aliyense ngati mfuti, nalamula perete m'Chijeremani, ndipo onse adakhoza. Pepala litasowa, thupi la munthu lidakhala mboni. Angerezi nawonso adasonyeza kuti angathe kubwerera m'mbuyo: mu 2013 adayamba kupereka Arctic Star kwa amalinyero a nkhondo yachiwiri, patapita zaka pafupifupi 70. Ndipo mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwina kufika 350,000, ambiri a iwo Aafirika, amene adafa pa nkhondo yoyamba, sadakumbukiridwe ndi mayina awo. Nduna ya chitetezo ya Britain, Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo.

Chikumbutso cha m'mudzi

Pamene boma lidali chete, midzi ya m'mbali mwa nyanja idapeza njira yakeyake. Gule wa malipenga, amene amavinidwa pa Likoma, ku Chizumulu ndi ku Nkhata Bay, adakula pambuyo pa Nkhondo ya Chiwaya, ndipo adatengera perete wa asilikali. Ovina amafola m'mizere atavala zoyera ndi zaudongo, zikho zimalira ngati malipenga a kumsasa, gulu lililonse limatchedwa boma, ndipo m'gulumo muli maudindo onga a usilikali. M'bwalo la gule msodzi angakhale mkulu wa asilikali, udindo umene Keyala ya masiku amenewo sikadampatsa. Gule ameneyu wasunga mayendedwe a asilikali kwa zaka zoposa 100, koma gule sasunga mayina, masiku ndi malo.

Apa ndipo nkhaniyi ikutikhudza ife amene timasunga mabuku a maparishi. Omenya nkhondo yoyamba onse adapita, ndipo a nkhondo yachiwiri atsala ochepa kwambiri. Zotsala zili m'masutikesi a adzukulu: kabuku ka malipiro, chikalata chotulukira usilikali, chithunzi, mendulo yokulungidwa m'kansalu. Nkofunika kudziwa kuti mamendulo a Angerezi a nkhondo yoyamba ali ndi nambala, dzina ndi gulu la mwiniwake zolembedwa pa chitsulo chomwecho, pamene ambiri a nkhondo yachiwiri adaperekedwa opanda dzina. Choncho mendulo ya nkhondo yachiwiri ikalekana ndi chikalata chake, siingathenso kunena kuti mwiniwake adali yani.

Pa Likoma, kumene mishoni idakhazikika mu 1885 ndipo sukulu idafala msanga, anthu adazolowera kulemba kale kuposa madera ambiri a dziko lino. Mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a maliro, a Anglikani ndi a Katolika omwe, angathe kutsimikiza kuti munthu wakutiwakuti adalipo, adachoka chaka chakuti, ndipo adabwerera kapena sadabwerere. Wansembe kapena mseminale wopita ku Yofu kapena ku mudzi wina uliwonse angathe kukhala pansi ndi banja, nalemba dzina la agogo, nambala yawo, gulu lawo, kumene adagwidwira ndi bala limene adabwera nalo, nasunga zimenezi pamodzi ndi mabuku a parishi. Ku America, ku Mwanza ndi ku London khomo lidatseguka mochedwa, ndipo amene adathandizika ndi amene adali ndi chowachitira umboni. Likadzatseguka kwathu kuno, funso loyamba lidzakhala la dzina ndi nambala.