Masheleni awiri ndi makobiri asanu

Wenela itayamba kutenga amuna a ku Nyasaland mwaunyinji cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ambiri anakathera kumigodi ya golide ya ku Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs ndi Nigel, dera limene lero likutchedwa Ekurhuleni. Za fumbi ndi makomponi zalembedwa kale. Zimene sizikambidwa n'zakuti munthu wa kumudzi, amene mwina sanapondeko m'kalasi, ankasenza mitundu iwiri ya kawerengedwe m'mutu umodzi.

Woyamba ndi wakwathu. Chichewa chimawerenga mpaka zisanu, n'kuyambanso: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Wachiwiri unali wa ndalama ya Mngelezi: makobiri 12 ndiwo sheleni, masheleni 20 ndiwo paundi.

Tengani malipiro a masheleni awiri ndi makobiri asanu, amene kalaliki ankalemba 2/5. Ndi makobiri 29. Nambala imeneyi ili m'gulu la zimene a masamu amazitcha prime: simungaigawe mofanana pakati pa anthu awiri, atatu, asanu kapena angati, pokhapokha akhale 29 aliyense atenge kobiri. Koma onani mmene imasinthira nkhope. Powerenga m'magulu a 12 imalembedwa 25, ndipo diso lozolowera makumi limafulumira kunena kuti igawika pasanu. Siigawika. Tikanati tizilemba m'magulu a zisanu okhaokha, bwenzi ili 104, yothera ndi 4 ngati yogawika pawiri. Kumenekonso n'kunama kwa diso, chifukwa m'magulu a zisanu chizindikiro chomaliza sichinena kanthu pa za kugawa pawiri. Umayenera kuphatikiza zizindikiro zonse, 1 ndi 0 ndi 4, n'kuona ngati zotsatirazo zigawika.

Kawerengedwe ka 12, kamene ambiri amakaseka kuti n'kachikale, ine ndimakaona kuti pa nkhani iyi n'koona mtima kuposa ka makumi. Ndalama iliyonse yosagawika yoposa makobiri atatu inkathera pa kobiri 1, 5, 7 kapena 11 basi. Ikathera pa tiki, kapena pa makobiri anayi, anthu ogawana mtengo wa fodya ankadziwiratu kuti palibe mkangano, bola akhale atatu pa tikiyo, awiri kapena anayi pa makobiri anayiwo.

Pa 12 Ogasiti 1946 bungwe la African Mine Workers' Union, lotsogozedwa ndi J.B. Marks, linayambitsa sitalaka yofuna masheleni 10 patsiku. Apolisi anaithetsa ndi mfuti ndi zibonga sabata isanathe, ndipo ku mgodi wa Sub Nigel kunakhetsedwa magazi. Masheleni 10 ndi makobiri 120, nambala yogawika pawiri, patatu, panayi, pasanu ndi pasanu n'kamodzi. Sanaipeze.

Pa 14 Febuluwale 1961 South Africa inasiya paundi n'kutenga randi, sheleni n'kusanduka masenti 10. Apa pokha 29 uja anasowadi, osati chifukwa kalembedwe kanasintha, koma chifukwa chowerengedwacho chinasintha: senti inali yokulirapo kuposa kobiri, ndiye 2/5 inakhala pafupifupi masenti 24. Ku Malawi kwacha inabwera mu 1971, kotero kwa zaka khumi wobwerera kumudzi ankalandira m'makumi ku Springs n'kukagula m'magulu a 12 ku Dedza.