Okapi wa agogo usapite ku grinder

Anzathu, musanatengere mpeni wa Okapi wa agogo kwa owotcherera ku Luwinga kuti akausongole, imvani kaye kumene unachokera.

Mipeni yopindayi inayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, m'dziko la Germany, kuti izigulitsidwa kuno ku Africa. Mu 1988 ntchitoyi inasamukira ku South Africa. Ndiye tauyang'anani bwino wanuwo: ngati palembedwa Germany, ndi mkulu wanu ameneyo. Mwinanso unabwera m'sutikesi, paja amuna a ku Mzimba ndi Nkhata Bay anayamba kalekale kupita ku Joni.

Chitsulo chake chimachita dzimbiri msanga, makamaka ndi mvula ya pa Mzuzu pano, koma chimamvera tupa ndi mwala. Nsonga ikathyoka, wodziwa amapala pang'onopang'ono chakumsana, osati kokuthwa, kuopa kuti mpeni ukapindidwa nsonga ingamasuzumire kunja n'kuboola thumba. Ntchito ya madzulo onse imeneyo.

Grinder ndi yachangu, inde, koma imatenthetsa chitsulo. Chikangosanduka chabuluu, basi, chafewa. Mudzasenda nzimbe imodzi, mpeni wabuntha.