Kubwalo ndi Pamtondo: Mbiri ya Mayankhulidwe a Abambo ndi Amai

Ankhoswe akaitanidwa kukaunika banja limene layamba kugwedezeka, kaŵirikaŵiri amamva madandaulo aŵiri amene sasintha. Amai amati: "Abamboŵa sandiyankhula. Ndikawauza za kukhosi kwanga amangoti, 'Ndamva,' nkhani n'kuthera pomwepo." Abambo nawonso amati: "Amaiŵa nkhani yao ilibe mutu. Amayambira ku Dedza n'kukatulukira ku Nsanje, osanena chimene akufuna." Ife timafulumira kuŵeruza kuti wina ngouma mtima, winayo ngolongolola. Koma tisanaŵeruze, tiyeni tibwerere m'mbuyo tikaone kumene aliyense wa aŵiriŵa adaphunzira kuyankhula.

M'mudzi wa makolo athu munali sukulu ziŵiri za mau. Mnyamata akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya amai ake n'kukagona kugowero, ndipo ankadya kumphala pamodzi ndi amuna anzake. Kubwalo ankakhala kumbuyo, kumvera akulu akuzenga milandu. Kumeneko adaphunzira kuti munthu amadikira mpata wake, kuti wamng'ono sadula mkulu pakamwa, ndi kuti mwambi umodzi woponyedwa pa nthaŵi yake umaposa mau zana. Cholinga cha kuyankhula chinali kugamula. Mlandu ukagamulidwa, anthu ankaomba m'manja n'kubalalika.

Mtsikana sukulu yake inali kukuka kwa agogo, kuchitsime, kunkhuni, pamtondo, ndipo pambuyo pake m'manja mwa anamkungwi. Kumeneko anthu ankayankhula manja akugwira ntchito. Wina akamafotokoza, anzake ankamthira ndemanga, kumfunsa, ndi kuonjezapo zimene zidawaonekera iwo. Kuloŵa m'mau a mnzako sichinali chipongwe. Chinali chizindikiro chakuti uli naye. Nkhani sinkafuna chigamulo. Inkafuna kupepuza mtima, ndiponso kudziŵitsana amene akudwala, amene nkhokwe yao yatha, ndi banja limene mukutuluka utsi.

Zimene mkazi sakadatha kunena pamaso pa mwamuna wake kapena apongozi ake, ankaziimba pamtondo. Mudzi wonse unkamva, wolakwayo ankadzidziŵa, koma palibe amene akadaimba mlandu munthu chifukwa cha nyimbo. Hugh Tracey, amene adayenda m'dziko muno m'zaka za 1950 ndi 1958 kujambula nyimbo za makolo, adasunga zambiri za nyimbo za pamtondozi, ndipo zikupezeka mpaka lero ku South Africa.

Tisaiŵalenso chikamwini. Pakati pa Acheŵa mwamuna ankakhala kwao kwa mkazi ngati mlendo. Apongozi ake aakazi sankayankhula nawo maso ndi maso, ndipo pa za ana liu lalikulu linali la amalume. Mwamuna wotere ankaphunzira kusunga pakamwa pakhomo, n'kukamasuka kwa amuna anzake. Choncho kukhala chete kwa abambo sikuti nthaŵi zonse kudachokera ku kunyada. Nthaŵi zina kudachokera ku ulemu ndi mantha.

Komanso tingalakwe tikaganiza kuti amai adalibe liu pa zinthu zikuluzikulu. Pa ufumu wa Maravi, Kalonga ankalamulira Nyangu ali pambali pake, ndipo mafumu ankabadwa kudzera mwa iye. Pa kachisi wa mvula wa ku Msinja, amene ankanena mau a Chisumphi anali Makewana, mkazi. Ngakhale posankha mfumu ya mudzi, amai akuluakulu a mbumba ndiwo ankayamba kunong'onezana dzina, amuna n'kukalilengeza kubwalo.

Zonsezi zidagwedezeka m'nthaŵi ya atsamunda. Msonkho udathamangitsa amuna zikwizikwi kunka ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni. Mwamuna ndi mkazi adayamba kuyankhulana m'makalata, ndipo popeza ambiri sankadziŵa kuŵerenga, kalatayo inkadutsa m'kamwa mwa mphunzitsi kapena mwana wa sukulu. Ndani akadaika za mumtima m'kalata yotere? Munkangokhala moni, malangizo a za munda, ndi chiŵerengero cha ndalama. Ulendo wa Wenela udaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi 74 amene ankabwerera kwao; koma chizoloŵezi choyankhula mwachidule ngati kalata chidatsalira m'mabanja ambiri.

Kenaka chigayo chidalanda mtondo ntchito yake, mphala idapasuka, ndipo mabanja ambiri adasamukira m'matauni. Apa padaoneka chinthu chimene makolo athu sankachidziŵa: mwamuna ndi mkazi okhaokha m'nyumba, wina kuyang'ana mnzake. Mkazi akufuna kwa mwamuna wake zimene agogo ake ankapeza kwa anzao a pamtondo. Mwamuna akumva dandaulo lililonse ngati mlandu wofuna chigamulo. Akagamula amayesa wathandiza, pamene mkazi akuona ngati wamtseka pakamwa.

Mabwalo atsopano adatsegukanso. Rose Chibambo adasonkhanitsa amai pa nkhondo yokana chitaganya, namangidwa m'chaka cha 1959. Lero nkhope yake ili pa ndalama ya K200. Komabe mu ulamuliro wa Dr. Banda liu la mbumba pa misonkhano lidamveka makamaka m'nyimbo ndi m'magule. Mu Eklezia, miphakati imene Ambuye Patrick Kalilombe adailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe kuyambira 1973 idakhazika abambo ndi amai pa mkeka umodzi, aliyense ndi mpata wake woyankhula.

Anzathu akunja nawonso adasinkhasinkha za nkhaniyi. M'chaka cha 1990 Deborah Tannen wa ku America adalemba buku lotchedwa You Just Don't Understand, m'mene adati amuna ambiri amayankhula kuti apereke mfundo, pamene akazi ambiri amayankhula kuti amange ubale. Ena adamtsutsa, nati kusiyanako kumachokera pa mphamvu zimene wina ali nazo pa mnzake. Ndipo m'chaka cha 2007 akatswiri ena ataŵerenga mau a ophunzira 396 a m'mayunivesite a ku America ndi Mexico, adapeza kuti anyamata ndi atsikana omwe ankayankhula mau pafupifupi 16,000 pa tsiku. Wolongolola ndi wofatsa amapezeka mbali zonse ziŵiri.

Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti mayankhulidwe athu sitidabadwe nawo. Tidachita kuphunzira, ndipo chophunzira chimatheka kuonjezera. Abambo angaphunzire kumvetsera mpaka nkhani itafika ku Nsanje, osathamangira kugamula. Amai angaphunzire kunena poyera chimene kale chinkabisika m'nyimbo. Ndipo ana athu, amene alibe gowero kapena kuka, sukulu yao ya mau ndi ife tomwe pa nthaŵi ya chakudya chamadzulo. Akulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiŵiri n'tianthu. Koma aŵiri osamvana m'nyumba imodzi, aliyense akali yekha.