Masekondi awiri pafoni: chifukwa chake dalaivala wachinyamata ali pachiopsezo chachikulu

Mutafunsidwa chomwe chimapha achinyamata ambiri, mwina mungatchule malungo, Edzi kapena chifuwa chachikulu. Koma bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mwa ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29, chomwe chili patsogolo pochotsa miyoyo padziko lonse ndi ngozi zapamsewu. Lipoti lomwe bungweli lidatulutsa mu 2023 lidaonetsa kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zotere chaka chilichonse, ndipo 9 mwa 10 alionse amafera m'maiko osauka ndi omwe akungotukuka kumene. Amuna ndiwo amafa kwambiri, pafupifupi kuwirikiza katatu chiwerengero cha akazi.

Zoyambitsa ngozi n'zambiri: liwiro, mowa, misewu yokumbika, galimoto zakutha. Pano tikambirana chimodzi chokha, chomwe mwachigwira m'manja pamene mukuwerenga nkhani ino. Nkhaniyi ikukukhudzani ngati mwangotenga kumene laisensi, ngati mumayendetsa njinga yamoto ya kabaza, ngati muli kholo lomwe layamba kupatsa mwana makiyi a galimoto, ngakhalenso ngati mumangokwera chabe.

Kodi foni imasokoneza bwanji?

Kuyendetsa kumafuna maso, manja ndi maganizo nthawi imodzi. Kudya chimanga chootcha uku mukuyendetsa kumakulandani dzanja limodzi. Kuyang'ana ngozi yomwe yachitika m'mbali mwa msewu kumakulandani maso. Kulemba kapena kuwerenga uthenga pa WhatsApp kumakulandani zonse zitatu, n'chifukwa chake kuli koopsa kuposa zina. WHO ikuti dalaivala amene akugwiritsa ntchito foni ali ndi chiopsezo chochita ngozi chowirikiza pafupifupi kanayi poyerekeza ndi amene sakuigwiritsa ntchito.

Ambiri amati, "Ndimangosuzumira pang'ono." Tiyeni tiwerengere "pang'ono" ameneyo. Galimoto yomwe ikuthamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse. Mukayang'ana pafoni kwa masekondi awiri, mwayenda mamita 33 osaona kutsogolo. Mukatenga masekondi asanu, nthawi yomwe munthu amatha kutenga poona amene watumiza uthenga ndi kuwerenga mzere woyamba, mwayenda mamita oposa 80. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, masekondi asanu omwewo ndi mamita 111. Njinga yamoto yomwe ikuyenda modekha pa makilomita 40 pa ola imadula mamita 33 m'masekondi atatu, nthawi yokwanira kungoona ngati ndalama ya Airtel Money kapena Mpamba yalowa.

Ganizirani zomwe zingalowe mumsewu pamtunda woterewu mukamadutsa pa Lizulu kapena pa Jenda tsiku lamsika: mwana wothamangira mayi ake kutsidya, wanjinga yakapalasa atasenza matumba a makala, mbuzi, minibasi yoima mwadzidzidzi kuti itenge munthu. Ndipo maso akabwerera pamsewu galimoto siima pomwepo. Ubongo uyambe wazindikira chomwe waona, phazi lichoke pamoto lifike pabuleki, kenako matayala agwire. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womwe mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawirikiza kanayi.

N'chifukwa chiyani wachinyamata ndiye ali pangozi kwambiri?

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Foni ndi yomweyo, msewu ndi womwewo, koma dalaivala watsopano ndi dalaivala wazaka zambiri salipira mtengo wofanana.

Munthu amene wayendetsa kwa zaka khumi sachita kuganiza posintha giya, poyatsa indiketa kapena posuzumira pagalasi loonera kumbuyo. Thupi lidazolowera, monga mmene mayi wozolowera amayendera ndi ndowa pamutu uku akucheza. Choncho maganizo ake amakhala ndi mpata woyang'ana patali. Akaona mpira ukugubuduzikira mumsewu amachotseratu phazi pamoto chifukwa akudziwa kuti pambuyo pa mpira pakubwera mwana. Wophunzira kumene alibe mpata umenewo. Maganizo ake onse ali pagiya, pachiwongolero ndi pagalimoto yomwe ili patsogolo pake penipeni. Foni ikalira, chidwi chomwe akuipatsa akuchichotsa pantchito yomwe inali kale yomukulira.

Akatswiri a ku Virginia Tech m'dziko la America adayesa zimenezi poika makamera m'galimoto za achinyamata 42 omwe anali atangotenga laisensi komanso za akuluakulu 109 ozolowera kuyendetsa. Zotsatira zake zidatuluka mu 2014 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Kwa achinyamatawo, kudina manambala pafoni kudachulukitsa chiopsezo cha ngozi, kapena kutsala pang'ono kuchita ngozi, kuwirikiza kasanu ndi katatu. Kungotambasula dzanja kuti atenge foni kudachichulukitsa kasanu ndi kawiri, kulemba kapena kuwerenga uthenga pafupifupi kanayi, kudya pafupifupi katatu. Kwa akuluakulu aja, kudina manambala kudachulukitsa chiopsezo kawiri ndi theka. Onetsetsani mfundo ya kutambasula dzanja ija: foni siyenera kuchita kuyankhidwa kuti ibweretse ngozi. Kuifunafuna m'thumba kapena pansi pampando n'kokwanira.

Pali chifukwa china chomwe chili m'thupi. Mbali ya ubongo yomwe ili kuseri kwa mphumi, yomwe imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira asanachite kanthu, imamaliza kukhwima munthu akamayandikira zaka 25. Wazaka 18, msinkhu womwe munthu amaloledwa kutenga laisensi ya galimoto m'dziko muno, ali ndi maso akuthwa ndi manja achangu kuposa bambo ake. Chomwe chimamuvuta ndi kupirira kuti foni ilire mpaka kudula yokha. Uku si kupusa kapena mwano. Ndi msinkhu, ndipo n'chifukwa chake kungomuuza kuti "uziyenda mosamala" sikukwanira.

Nanga mahedifoni, kapena kupanira foni m'chipewa?

M'matauni mwathu si zachilendo kuona wakabaza atapanira foni pakati pa khutu ndi chipewa chotetezera mutu, manja onse ali pahandulo, akukambirana ndi kasitomala komwe akamutenge. Ena amavala mahedifoni. Manja amakhaladi omasuka, koma WHO imanena poyera kuti kulankhula pafoni osaigwira m'manja sikusiyana kwenikweni ndi kuigwira. Vuto lili m'maganizo. Munthu amene akumvetsera malangizo a njira, kapena kukangana za ndalama, amatha kuyang'ana chinthu koma osachiona.

Kafukufuku wa pa yunivesite ya Utah ku America komweko adapeza mu 2015 kuti dalaivala akamaliza kulamula foni kapena zipangizo zam'galimoto ndi mawu, maganizo ake amatha kutenga masekondi ofika 27 kuti abwerere kwathunthu pamsewu. Pa makilomita 40 pa ola, amenewo ndi mamita 300. Choncho chizolowezi chowerenga mauthenga pamaloboti kapena pamdipiti wa galimoto, n'kuponya foni pampando magetsi akasintha, sichili chotetezeka monga mmene chimaonekera.

Kwa wanjinga yamoto pali vuto loonjezera. Makutu ndiwo amamuuza kuti kumbuyo kukubwera lole kapena basi, makamaka pomwe msewu uli wopapatiza ndipo m'mphepete mwake mudadyeka. Nyimbo m'makutu zimatseka chenjezo limeneli. Komanso chipewa chomwe foni ikukwana m'kati mwake kawirikawiri chimakhala chachikulu kapena chosamanga lamba wake, ndipo chotere chimavuka munthu asanafike pansi. Chipewa chabwino chovalidwa moyenera, malinga ndi WHO, chimachepetsa chiopsezo cha kuvulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti.

Anzake m'galimoto

Si foni yokha yomwe imasokoneza. Bungwe la AAA Foundation for Traffic Safety ku America lidapeza mu 2012 kuti dalaivala wazaka 16 kapena 17 akanyamula mnzake mmodzi wosafika zaka 21, chiopsezo choti afe pangozi chimakwera ndi 44 peresenti. Akanyamula awiri chimawirikiza kawiri, atatu kapena kuposerapo chimawirikiza kanayi. Koma akakhala ndi munthu wazaka 35 kapena kuposerapo, chiopsezocho chimatsika ndi 62 peresenti. Ziwerengerozi n'za kunja, ndipo misewu yawo si yathu, koma khalidwe lake tonse timalidziwa: nyimbo zokweza, wina akujambula vidiyo yoti aike pa TikTok, wina akuti "ipondeni aise, tachedwa". Wamkulu akakhala pampando wakutsogolo amakhala maso achiwiri. Iye amadula nkhani yekha akaona kuti patsogolo pavuta, pomwe munthu amene ali pafoni amangopitiriza kulankhula poti sakuona chilichonse.

N'chifukwa chake maiko ena sapereka ufulu wonse tsiku limodzi. New Zealand idayamba mu 1987 kupereka laisensi m'magawo, pomwe dalaivala watsopano amaletsedwa kuyendetsa usiku kwambiri kapena kunyamula anzake popanda womuyang'anira mpaka atadutsa magawo oyambirira. Banja lililonse likhoza kudziikira lamulo lotere pakhomo popanda kudikira boma.

Zomwe mungachite

Ngati ndinu dalaivala watsopano, chiganizo chokhudza foni chipangeni musanalize injini, osati foni ikamalira. Itsekeni mawu, muiike m'chikwama kumpando wakumbuyo komwe dzanja silingafike. Mafoni ambiri a Android ndi iPhone ali ndi njira yoletsera mauthenga kulira kwa kanthawi. Ifufuzeni lero muli pansi. Nyimbo ndi mapu konzeranitu muli chiimire. Ngati muli ndi mnzanu m'galimoto, mpatseni foniyo akhale mlembi wanu. Kumbukiraninso kuti malamulo apamsewu m'dziko muno amaletsa kugwiritsa ntchito foni m'manja uku mukuyendetsa, ndipo apolisi akakupezani mumalipira chindapusa. Lamba mangani ngakhale ulendo uli wa pafupi. Amachepetsa chiopsezo cha imfa mpaka ndi theka.

Kwa wakabaza, foni ndi ofesi, ndipo kumuuza kuti aizimitse n'kumuuza kuti agone ndi njala. Chotheka ndi kuima. Kupatuka, kuponda pansi ndi kuyankha kumatenga mphindi imodzi. Makasitomala anu okhazikika auzeni kuti mukapanda kuyankha ndiye kuti muli paulendo, muwaimbiranso. Mwini njinga amene amafuna ndalama yake tsiku lililonse, n'kumaimbiranso mnyamata wake kangapo patsiku kufunsa komwe ali, adziwe kuti akuika pachiswe mnyamatayo pamodzi ndi njinga yomwe.

Makolo, funso lovuta ndi ili: amene amaimbira mwana wanu ali pachiwongolero ndi ndani? Nthawi zambiri ndi inu nomwe, kufunsa ngati wafika. Mwana wolera bwino zimamuvuta kusiya foni ya bambo kapena mayi ake ikulira, ndipo amayankha chifukwa cha ulemu. Mumasuleni. Muuzeni momveka kuti, "Ukakhala pamsewu usandiyankhe, sindikwiya. Undiimbire ukaima." Mukamuimbira n'kumva phokoso la injini, dulani nokha. Miyezi yoyamba atatenga laisensi muzikwera naye kawirikawiri, masana poyamba, kenako usiku ndi pamvula, ndipo mugwirizane za chiwerengero cha anzake omwe angawanyamule. Mwanayo wakhala akukuonani kuchokera kumpando wakumbuyo kuyambira ali wamng'ono, choncho ngati inu mumayankha foni mukuyendetsa, yambani mwasiya.

Wokwera nayenso ali ndi mawu, ngakhale ambiri timachita manyazi kudzudzula munthu amene watinyamula. Sipafunika kukalipa. Panjinga yamoto munganene kuti, "Achimwene, tangoimani muyankhe foniyo, ine sindikufulumira." Mu minibasi, "A dalaivala, foniyo apatseni a kondakitala akuyankhireni." Mmodzi akayamba, ena amavomereza.

Mukasankha kuima kuti muyankhe, samalani pomwe mukuimapo. Musaime pakona, pamlatho, kapena mutangodutsa pamwamba pa chitunda pomwe wobwera kumbuyo sangakuoneni patali. Yatsani indiketa nthawi ikadalipo, tulutsani matayala onse mumsewu, ndipo ngati kuli mdima pitirirani mpaka pamalo owala monga pomwetsera mafuta.