Cipolopolo ca .416 Rigby ndi dzuwa la kwathu

Tonse tidziwa mmene cigwa ca Luangwa cimatenthera mu Okutobala. Kutentha kotere kunawavutitsa opanga mfuti a ku London. Wonga wa nthawi imeneyo, wochedwa cordite, ukatenthedwa ndi dzuwa unali kuphulika ndi mphamvu yopitirira muyeso. Cigoba ca cipolopolo cinali kukanirira m'mfuti, njati yovulala ili pafupi.

Mu 1911 kampani ya John Rigby inatulutsa .416 Rigby. Anacipatsa cigoba cacikulu dala, kuti mphamvu ya mkati ikhale yocepa ngakhale kutenthe bwanji.

Kampani ya Kynoch itasiya kupanga zipolopolo zimenezi, eni mfuti anayamba kudzipangira okha. Ena anali kusema zigoba za .378 Weatherby kuti zikwane. Koma makina oyezera analibe. Anali kuwonjezera wonga pang'onopang'ono, n'kumayang'ana ngati primer yaphwatalala, ngati tsinde la cigoba lafufuma, kapena ngati citsekero ca mfuti cikulimba potsegula. Vuto n'lakuti zizindikiro zimenezi zimacedwa. Zikamaoneka, nthawi zambiri munthu amakhala atadutsa kale malire, ndipo nkhope yake ili pafupi ndi citsuloco.

Masiku ano bungwe la CIP limayeza ndi makina, ndipo malire a .416 Rigby ndi mabar 3,250, pamene .416 Remington Magnum imafika 4,300. Mwamwayi mu 1989 Federal inayamba kupanga zipolopolo za Rigby. Koma amene ali ndi mfuti ya zipolopolo zosowa akali pa vuto lomwelo: diso siliona zimene makina amaona.